Mitu Iwili Yachikasu

Lachinai, pa 19 Juni

Lelo nditabwela kusukulu ndinakhala kuseli kwa nyumba ndi beseni la madzi ofunda, kutsuka zipeso za Amake Dailesi. Zinabwela kwa ine chifukwa pogawa katundu wa malilo palibe amene anazifuna. Zitenje anthu anazilimbilana, mapoto anapita, koma zipeso zinatsala pamphasa mpaka mai wina anati, "Mupatseni Enala, ndiye anali kukhala pakhonde paja."

M'mano mwa zipesozo munali tsitsi lachikasu la mitundu iwili. Lina louma, lokhakhala ngati ndevu za chimanga chokhwima. Limenelo ndi la Amake Dailesi, linayela ndi mankhwala. Lina lofewa, lotuwa ngati thonje logwela pafumbi. Limenelo ndi la mdzukulu wao Taonga, amene anabadwa nalo, popeza ndi mwana wachialubino. Ine ndimatha kusiyanitsa chifukwa mitu yonse iwili ndaipesa. Munthu wina sangathe, ndipo ndi zimene iwo anafuna.

Tinawaika m'manda sabata yatha. Mailo kukacha Taonga adzatengedwa ndi amalume ake kupita ku Nyalugwe. Akazi a amalumewo, Amake Gifiti, agula kale kabokosi ka dai wakuda kumsika wa ku Petauke. Ndakaona pawindo. Afuna kumudetsa tsitsi asananyamuke. Ndilemba izi chifukwa pakamwa sindikamba bwino, ndipo ndiopa kuti ndidzaiwala momwe Amake Dailesi anali kukambila.

Sanali achibale athu. Nyumba yao ili tsidya la njila, moyang'anana ndi yathu, kuno kwa Kalindawalo, ndipo ana tonse tinali kuwaitana ambuya. Ali mtsikana anakhala kumigodi, kumene anali kutsuka mitu ya anthu mu saluni ya mai wina. Anabwela kumudzi ndi chitini cha mabisiketi chodzaza pauda, mapensulo a nsidze, ndi malipisitiki otha mpaka pansi amene anali kuwatokosa ndi kamtengo ka machesi. Galasi lao linali la m'mbali mwa minibasi, lomangidwa ndi waya pamzati wa khonde. Ukadziyang'anamo unali kuoneka wamng'ono, ngati uli patali. Iwo anali kunena kuti ndilo galasi loona, chifukwa limakuonetsa momwe amakuonela anthu a panjila, osati momwe umadzionela wekha.

Akwatibwi ambili a kuno anadutsa pakati pa maondo ao. Anali kukupana mutu ndi maondowo, ukagwedezeka akugogoda ndi chipeso pamphumi, pang'ono chabe. Mukule wao, malukidwe a mizele aja, unali kukhala nthawi yaitali osasokonekela, koma sunali kukoka khungu. Anali kudana ndi oluka amene amakoka mpaka nsidze za munthu zikwele, amati tsitsi la m'mphepete likachoka silibwelanso ngakhale ulipemphelele. Pauda yoyela kuposa nkhope anali kuikana. Amati mkwatibwi asalowe m'chalichi ngati wachokela kuchigayo. Ndipo anali ndi lamulo limodzi limene sanaliswe kwa munthu aliyense: mankhwala alionse a m'tsitsi, akhale odetsa, oongola kapena oyeletsa, anali kuyamba apaka kadontho kuseli kwa khutu ndi kamtengo ka machesi, n'kukuuza kuti ubwele mkuja. Atsikana othamangila ukwati anali kukwiya nazo. Iwo amati khungu silinama, koma limachedwa kuyankha.

Ine ndinayamba kukhala pakhondepo chifukwa sanali kundifunsa mafunso. Tsiku lina anangondipatsa chipeso n'kunena, "Iwe wosakamba, gwila apa." Kuyambila pamenepo ndinali kupita ndikaweluka.

Dailesi, mwana wao amene anabala Taonga, anamwalila mwanayo akukwawa. Atate ake a Taonga anali atachoka kale. Anaona mwana tsiku loyamba n'kunena kuti kwao kulibe zotele. Motelo Taonga anakulila kumsana kwa ambuya ake, pansi pa ambulela yakuda yothyoka nthiti imodzi.

Chaka chimene Taonga anali pafupi kuyamba sukulu, ambuya anagonekedwa kuchipatala masiku angapo, ndipo mwana anatsala ndi Amake Gifiti, amene nthawi imeneyo anali kukhala konkuno. Pobwela anapeza Taonga ali ndi tsitsi lakuda bii. M'mutu monse munali matuza, makutu atatupa, ndipo pokanda tsitsi linali kuchoka pamodzi ndi nkhanambo. Ine ndinali pamtsuko wa madzi pakhomo pathu, ndinamva zonse.

"Mwamuchita chiyani mwana?"

"Amai, ndinafuna kumuthandiza chabe. Mutu uja anthu amauonela kutali. Simumva pawailesi zimene achita kwa ana otele?"

"Manje nkhope mudzaipaka chiyani? Polishi ya nsapato?"

"Inu museka, koma tsiku lina mudzalila."

"Ndayamba kale kulila. Bweletsani madzi ofunda."

Zilonda zinapola, tsitsi latsopano linamela, koma Taonga sanafunenso kutuluka panja. Anali kukhala kuseli kwa chitseko atafunda chitenje kumutu. Anauza ambuya ake kuti amubwezele lakuda lija ngakhale liwawe, chifukwa mudzi wonse mutu wotele ali nao yekha.

Pa Chiwelu china ambuya anapita ku Petauke pa njinga ya munthu, nabwela ndi kapaketi ka ufa wabuluu ndi kabotolo ka madzi oyela okhuthala. Anadzipaka kadontho kuseli kwa khutu, monga mwa lamulo lao, n'kudikila. Tsiku litakwana anasakaniza zonse m'mbale yachitsulo, nandipatsa mswachi wakale kuti ndiwapake m'tsitsi mwao. Imeneyo inali nthawi yanga yoyamba kugwila blichi, mankhwala oyeletsa tsitsi. Fungo lake linali kulasa m'mphuno. Titatha kupaka anavala pulasitiki ya shuga kumutu n'kukhala pampando wao, misozi ili mbwee chifukwa cha kuwawa, akuimba nyimbo ya kuchalichi mano ali pamodzi. Titatsuka, tsitsi silinakhale lachikasu ai. Linatuluka ngati papaya lakupsa.

Chitseko chinasuntha pang'ono. Taonga anasuzumila, nayandikila mpaka mphuno yake inatsala pang'ono kugunda mutuwo, popeza maso ake saona patali.

"Ambuya, mwapsa," anatelo.

"Bwela undidye."

Anaseka. Ndinali ndisanamumve akuseka kuchokela pa zilonda zija.

Ambuya anadikila kuti khungu lipume, tinapakanso, ndipo ulendo uno linakhala lachikasu. Nsonga zinathothoka, anazidula ndi sizasi, linatsala lalifupi. Pa Sondo anavala bulauzi yoyela ya chigwilizano cha amai, analemba nsidze, anapaka lipisitiki yofiila, koma chitambala cha kumutu sanamange. Anagwila Taonga padzanja n'kuyenda pakati pa njila mpaka kuchalichi. Pakhomo panali mai wina wapakati. Ataona Taonga anakoka khosi la bulauzi yake n'kulavulila m'kati, monga amachitila ena kuti asabale mwana wotele. Ambuya anaima.

"Lavulani kawili, mai," anatelo. "Lelo tabwela awili."

Mapemphelo atatha, Amai Daka, amene ndi apampando a chigwilizano, anawaitanila pansi pa mtengo wa mango. Anthu sanapite kwao, anali kuzungulila pafupi ngati afuna nsapato zotayika.

"Amake Dailesi, pa msinkhu wanu uwu? Mutu uwu ndi wa atsikana a m'mabala."

"Mutu uwu ndi wa Taonga. Mufuna kukamba kuti Taonga ndi wa m'mabala?"

"Musapotoze nkhani. Wake anamupatsa ndi Mulungu. Wanu mwachita kugula."

"Wopatsidwa ndi Mulunguyo ndiye mumaulavulila. Ndati ndiyeseko wogula."

Amai Daka anawauza kuti asankhe, kumanga chitambala kapena kuvula yunifomu. Tsiku lotsatila ambuya anachapa yunifomuyo, anaisita ndi simbi ya makala, anaipinda bwino, n'kukaisiya okha kwa Amai Daka. Kuyambila pamenepo anali kukhala pabenchi ya kumbuyo ndi Taonga. Kuchigwilizano sanabwelelenso. Koma mwana wa Amai Daka ali pafupi kukwatiwa, amai akewo anabwela naye pakhonde lomwelo, kudzela njila ya kudimba kuti anthu asawaone, ndipo ambuya anamuluka bwino kuposa onse.

Anthu ambili aganiza kuti anachita zimenezi kuti mwana asadzione yekha, ndipo ndi zoona. Koma panali chifukwa china chimene ndinachidziwa chifukwa chokhala pafupi. Kuli anthu okhulupilila kuti tsitsi la mwana ngati Taonga limalemeletsa. Ambuya akatha kumupesa anali kutola tsitsi lililonse, pachipeso, pachitenje, pansi, n'kuliponya pambaula. Koma lao anali kulisiya dala kuti liuluke pabwalo. Nthawi zina anali kupesela kunjila kwenikweni. Amati wofuna kulemela ndi tsitsi la mdzukulu wao adzatola lao, apite akalemele ndi nyamakazi ya m'maondo. Pokamba anali kuseka, koma maso ao anali panjila.

Tsitsi loyeletsa ndi lovuta ngati mwana wodwaladwala. Madzi a pa mjigo wathu ali ndi mchele, anali kuliumitsa n'kulibwezela ku mtundu wa papaya uja, motelo anali kusunga madzi a mvula mu dilamu yotseka, ya mitu iwiliyo chabe. Ngakhale a tiyi sanali kutungamo. Pa Chiwelu anali kukanya chipatso cha kotapela chakupsa ndi dzila, kudzipaka, n'kukhala pamthunzi akuthamangitsa nchenche. Mafuta a nsatsi anali kuphika okha, akuda, onunkha utsi, ndipo anali kudzoza nsonga zokha. Chipeso cha mano aang'ono sichinali kuloledwa. Pogona anali kumanga kansalu kotelela kamene anadula ku pitikoti yakale. Shampu yapepo imene amagulitsa m'tauni sanaigulepo. M'malo mwake anali kudonthezela jivi, mankhwala apepo opaka pazilonda aja, m'ndowa yodzaza madzi, n'kutsukuluza nao kuti chikasu chizizile. Tsiku lina anathila wambili mwangozi. Sabata yonse anayenda ndi mutu wapepo ngati duwa la mbatata, ndipo sanaubise. Wofunsa anali kumuuza kuti ndi yunifomu ya chigwilizano chao chatsopano, cha anthu awili.

Mizu ikayamba kuda anali kundiitana. "Enala, usiku wayamba kumela. Tenga mswachi." Ndinali kupaka pa mizu pokha, osakhudza loyela kale, chifukwa likapsa kawili limaduka. M'mphepete mwa nkhope tinali kuyamba tadzoza mafuta kuti mankhwala asaotche khungu. Zaka zonsezi m'mutu mwao simunali kusowa kachilonda, koma sanalumphe ngakhale kamodzi.

Taonga nthawi ina anapempha kuti amulembe nsidze zakuda ngati zao. Ambuya anayang'ana pensulo, anayang'ana mwana, n'kuiponya m'chitini. Kuyambila tsiku limenelo nao analeka kulemba zakuda, anali kungopesa nsidze zao ndi kamswachi. Lipisitiki yokha ndiyo sanaileke. Amati pakamwa pokangana ndi anthu pafunika kuoneka.

M'mawa uliwonse anali kumupelekeza kusukulu. Anali kumudzoza mafuta oteteza ku dzuwa akapezeka, kumuveka chipewa chachikulu, koma pofika pachipata Taonga anali kuchivula pang'ono kuti anzake aone malukidwe a tsikulo. Ana anazolowela. Ena anayamba kupempha amai ao kuti awaluke ngati Taonga. Masana ambuya anali kudikila pansi pa mtengo wa pachipata, ndipo kuchokela m'kalasi mwathu ndinali kuona kadontho kachikasu kali phee pamthunzi.

Anayamba kudwala mvula itatsala pang'ono kutha. Miyendo inatupa, mpweya unali kuwathela akangoyenda kufika padilamu. Mizu inamela, yakuda yosakanizika ndi imvi, ndipo Taonga anali kuiyeza ndi zala zake tsiku ndi tsiku.

"Ambuya, chakuda chafika zala ziwili."

"Chidzapita. Ndikachila Enala adzandipaka."

"Mukapanda kuchila?"

"Iwe, ndani anakuphunzitsa kufunsa ngati wapolisi? Tenga mafuta undidzoze."

Tsiku lina anaumilila kuti tiyese. Ndinasakaniza m'mbale ija, koma nditangoyandikiza mswachi, fungo linawagwila pachifuwa. Anatsokomola mpaka milomo inasintha mtundu. Amai anga anathamanga kuchokela kwathu, analanda mbale n'kukataya kudzala. Atapeza mpweya, ambuya anatuma Taonga kukatunga madzi akumwa, ndipo ali okha ndi ine anandigwila pamkono.

"Dai wakuda uja asadzamuyandikilenso. Wamva? Ukakambe."

Ndinagwedeza mutu.

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anaseka mpaka chifuwa chinayambanso. "Mulungu wanga," anatelo. "Ndatuma munthu wosakamba."

Tsiku la malilo Amai Daka anabwela ndi yunifomu ija. Anali ataisunga zaka zonsezi, yopindidwa monga anailandilila. Amai a chigwilizano anawasambitsa, anawaveka, n'kuwamanga chitambala choyela mpaka pa nsidze. Nkhope inali yopanda pauda, milomo yotuwa. Sindinena kuti anachita moipa. Amai Daka ndiwo analila kuposa onse, ndipo anati afuna mnzao akafike kwa Mulungu atavala monga wa m'gulu. Koma poona nkhope, Taonga anawelama pafupi monga amachitila, anayang'ana, n'kunena, "Si ambuya awa." Anatambasula dzanja kuti akweze chitambala. Munthu wamkulu anamugwila n'kumupititsa kutsogolo, mzele unapitilila.

Lelo m'mawa ndisanapite kusukulu, Amake Gifiti anabwela kudzapempha moto, ndipo anaima ndi amai anga pafupi ndi nkhokwe. Ine ndinali kumanga nsapato.

"Kwathu sukulu ili kutali, njila ipita m'thengo," anali kutelo. "Adzamupelekeza ndani? Ine ndili ndi munda wa thonje, ndili ndi ana anga. Akhale panyumba, ndipo mutu ukhale wakuda, odutsa asamaone kuti pakhomo paja pali chiyani. Amai anali ndi mphamvu zokangana ndi dziko lonse. Ine ndilibe."

"Nanga zilonda zija?" amai anga anafunsa.

"Uja anali wotchipa. Uyu ndi wina, wogulitsa wanena kuti saotcha."

Amai anga anati, "Ndi mwana wanu."

Tsiku lonse m'kalasi ndakhala ndikufuna yankho la njila ya m'thengoyo ndipo sindinalipeze. Amake Gifiti si munthu woipa. Ali ndi mantha, ndipo zimene aopa zimachitikadi. Kumusunga ife sitingathe, si wachibale wathu, ndipo amalume ake ananena kale pamaso pa akulu. Sukulu ya Taonga yatha, ndidziwa. Chatsala ndi mutu wake chabe.

Pamene ndinali kutsuka zipeso Taonga anabwela n'kukhala pambali panga, chipewa chili m'manja. Kuyambila pa malilo palibe wamupesa, tsitsi lake lapotana kumbuyo. Ndinatola lonse la m'zipeso, lake ndi la ambuya, n'kuliponya pambaula. Linapsa kamodzi, fungo linali limodzi.

"Ku Nyalugwe kuli wina wa mutu ngati wanga?" anafunsa.

Ndinati sindidziwa.

Anasewela ndi chingwe cha chipewa. "Dai sawawa kwambili ukapanda kukanda," anatelo, ngati andilimbitsa mtima ine.

Ndinamukhazika pakati pa maondo anga n'kumupesa pang'onopang'ono, kuyambila kunsonga, monga anandiphunzitsila. Ndinamuluka mizele inai yopita kumbuyo.

Dzuwa lisanalowe ndinaoloka njila kukaona pakhonde. Mpando unapita ndi achibale a ku Kaumbwe, patsala timaenje tinai pamene miyendo yake inadya dothi. Pafupi pake pali banga lapepo la tsiku la jivi, limene ngakhale pozila silinachoke. Dilamu aigubuduza kale kuti ikwele pa ngolo, madzi a mvula anawathila pansi, ndipo nkhuku zinali kupalasa pamatope. Chitini cha mabisiketi chili pansi pa windo, chopanda chivundikilo, ana anatenga malipisitiki kukalembela pamakoma. Galasi lokha latsala pamzati, chifukwa waya unachita dzimbili ndipo palibe anafuna kuvutika nao. Ndinayang'anamo. Limaonetsa njila yonse yopita kusukulu, yaing'ono, yopanda munthu.

Kuwaletsa sindingathe. Ndine mwana, ndipo mau anga amathela pakhosi ngakhale aphunzitsi akandifunsa zimene ndidziwa. Koma lamulo la ambuya ndi lalifupi, mwina lingatuluke. Mailo m'mamawa, asanateleke madzi, ndidzaoloka njila ndi botolo la mafuta a nsatsi ndi kamtengo ka machesi. Ndidzagwada pamaso pa Amake Gifiti, ndidzawapatsa botololo, ndipo ndidzawapempha chinthu chimodzi chabe: ayambe apaka kadontho kuseli kwa khutu, adikile mpaka mkuja. Pofika mkuja adzakhala ali ku Nyalugwe, ine kulibe. Ngati khungu lidzayankha, lidzakamba lokha.